Nyimbo Itasowa M'nyumba ya Fodya

Amene anandiuza nkhani iyi ndi a Amosi. A Amosi amapalasa kabaza pa Nkhamenya. Tsiku limenelo anandinyamula, ndipo tayala linaphulika panjira. Iwo anakhala pansi n'kuyamba kumata chubu. Ine ndinakhala pamwala. Kukhala malo amodzi sindikutha, ana inu. Ndayenda maboma ambiri, kutola nkhani za anthu. Koma tsiku limenelo ndinalibe kolowera. Ndiye ndinatchera khutu.

Kwa Kaluluma kunali mtsikana. Dzina lake anali Chawezi.

Chawezi sankakhala pansi. Akamutuma ku mjigo, ankathamanga. Akamutuma kukapala moto, ankathamanga. Ngakhale osamutuma, ankathamangabe. Amama ake ankati mwanayu anabwereka miyendo kwa gwape.

Chawezi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumanga ndindi. Ndindi ndi kamtolo ka masamba a fodya. Umasankha masamba ofanana. Umawaika pamodzi. Kenako umawakulunga kumutu ndi tsamba lina. Adada ake, a Rabson, ankamanga ndindi zokongola. Chawezi ankafuna kukhala pambali pawo, nayenso azimanga.

Anapempha m'mawa. Adada anakana. Anapempha masana. Adada anakananso. Iwo ankati fodya amafuna munthu wodekha.

"Iwe ungamange tsamba loyamba uli pano," anatero. "Lachiwiri ungakamangire ku dambo."

Inali nyengo yozizira. Mphepo inkaomba usana wonse. Milomo ya ana inkang'ambika. Fodya wotsiriza anali akadali m'chigafa, chisakasa chija chopanda makoma.

Masiku omwewo kunabwera mlendo. Anali azakhali a Chawezi, mlongo wa adada ake. Kumeneko azakhali amawatchula kuti ankhazi. Dzina lawo linali a Clara. Ankhazi a Clara ankakhala ku Joni. Ntchito yawo inali yofufuza zakumwamba.

Adada ankakonda kuwaseka. Anawafunsa ngati nyenyezi nazo zili ndi magiredi ngati fodya. Ankhazi anayankha kuti munda wawo sulira feteleza. Anati ngakhale mvula itakana, iwo amakolola ndithu. Adada anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ananyamuka, ulendo wa ku chigafa.

Chawezi sanaseke. Anazungulira mpando wa ankhazi. Anauzunguliranso. Kenako anafunsa chimene ankhazi amakolola kumwambako.

Ankhazi anati amasaka mpweya. Anati ndi mpweya wozizira kwambiri. Uli kutali, m'milalang'amba ina. Mlalang'amba ndi mudzi waukulu wa nyenyezi. Pamene pali mpweya umenewo, pamabadwa nyenyezi zatsopano.

Chawezi anafunsa ngati mpweyawo umaoneka. Ankhazi anati ndi maso suoneka.

"Nanga mumaupeza bwanji, Ankhazi?"

Ankhazi anamutuma zinthu ziwiri. Choyamba, chimbale chakale cha nyimbo, chonyezimira, chimene adada anakongoletsera njinga. Chachiwiri, botolo lagalasi la tiyi wopanda mkaka. Chawezi anathamanga. Ankhazi asanamalize kumeza mbatata yawo, iye anali atabwera kale.

Ankhazi anaika chimbale padzuwa. Anachipendeketsa pang'ono. Pakhoma la pakhonde panaoneka utawaleza. Panali mtundu wofiira. Panali wachikasu. Panali wobiriwira. Panalinso wabuluu.

Chawezi analumpha kuti augwire. Unamudutsa padzanja.

Kenako ankhazi anatenga botolo la tiyi. Analiika pakati pa dzuwa ndi chimbale. Anamuuza kuti ayang'anenso pakhoma.

Wofiira unalipo. Wachikasu unalipo. Koma wabuluu panalibe.

"Wabuluu wapita kuti?" anafunsa Chawezi.

"Tiyi waudya," anatero ankhazi.

Anachotsa botolo. Wabuluu unabwerera. Anaikanso botolo. Wabuluu unasowanso. Chawezi anawombera m'manja.

Tsono ankhazi anafotokoza pang'onopang'ono. Anati kutali kwambiri kuli nyali zazikulu. Nyali zimenezo amazitcha kweiza. Imodzi yokha imawala kuposa mudzi wonse wa nyenyezi. Kuwala kwake kumayenda ulendo wautali. Kumayenda, kumayenda, kumayenda. Panjira kumadutsa mu mpweya. Mpweyawo umadyako pang'ono, ngati tiyi uja. Kukafika kuno, kumafika ndi mipata.

"Ife timayang'ana chimene chasowa," anatero ankhazi. "Chinthu chikasowa, pali chimene chachidya."

Anati akaona mipata ija, amalozetsa makina awo komweko. Makinawo ali ngati mbale zikuluzikulu zoyang'ana kumwamba. Akatero amaupeza mudzi wa nyenyezi uja. Amaupezanso mpweya wake.

Chawezi anafunsa ngati mpweyawo uli ndi mnzake pansi pano. Ankhazi anati wina mwa iwo ulipo. Anati umatuluka m'makala akamayaka. Sununkha. Suoneka. Panja mphepo imaumwaza. Koma m'nyumba yotseka umadzaza. Munthu amayamba kumva mutu. Kenako amagona. Nthawi zina sadzukanso.

Chawezi anamva zimenezo ali chiimire ndi mwendo umodzi. Kenako nkhuku inadutsa. Iye anaithamangira.

Kutacha, amama ndi ankhazi anapita ku msika wa ku Nkhamenya. Chawezi anatsala ndi adada. Kunabweranso a Lazaro, oyandikana nawo nyumba. Anabwera kudzathandiza kusankha fodya.

Koma fodya anali atauma gwa. Adada anagwira tsamba. Linaphwanyika. Anagwira lina. Linaphwanyikanso. Mphepo ija inali itamumwa madzi onse. Fodya wouma chotero samangika ndindi. Ndipo lole yonyamula mabelo inali kubwera mawa lake.

Adada anayenda uku ndi uku. Anakanda m'mutu. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo.

A Lazaro anati iwo ali ndi nzeru. Kale anagwirapo ntchito ku esiteti. Kumeneko ankafewetsa fodya ndi nthunzi ya madzi owira. Anati nthunzi ikadzaza m'chipinda, tsamba limafewa ngati nsalu. Chimene anaiwala n'chakuti ku esiteti moto unkakhala panja. M'chipinda munkalowa nthunzi yokha, kudzera m'paipi.

Kuseri kwa nyumba kunali kanyumba ka njerwa. Kanali ndi chitseko chimodzi. Kanali ndi zenera limodzi lamatabwa. Adada ndi a Lazaro anatutira fodya m'menemo. Chawezi anathandiza kututa. Anathamanga, anabwera. Anathamanga, anabwera.

Kenako analowetsa mbaula. Anadzazamo makala. Anatereka mphika waukulu wa madzi. Anatseka zenera. M'mipata monse anatsekamo ndi ziguduli.

Chawezi anaima pakhomo. Anapempha kuti alowe nawo. Anati lero akhala phee. Adada anapukusa mutu. Anawerama n'kumuyang'ana m'maso.

"Chitseko ichi usatsegule, wamva? Mphepo ikalowa, fodya yense aphwanyika. Thukuta lathu la chaka chonse lili m'menemu."

"Ndamva, Adada."

Chitseko chinatsekedwa. M'kati anakolamo msomali. Pansi pake anatsekapo ndi chiguduli.

Chawezi anakhala pamtondo. Anadzuka. Anakhalanso. Anadzukanso.

M'kanyumba muja munayamba nyimbo. Adada ndi a Lazaro akamasankha fodya, ankaimba nthawi zonse. Adada ankatsogolera. A Lazaro ankavomera.

"Tsamba ili n'layani?" ankaimba adada.

"N'la mwana wasukulu," ankavomera a Lazaro.

Chawezi anathamangira ku khola la mbuzi. Anawerenga timbuzi. Anabwerera. Anaika khutu pachitseko. Nyimbo inalipo. Adada ankaimba. A Lazaro ankavomera.

Anathamangira ku mtengo wa mango. Anakwera. Anatsika. Anabwerera. Anaika khutu pachitseko. Nyimbo inalipo. Koma inkayenda pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yotopa.

Anagogoda. Anafunsa ngati fodya wafewa. Adada anayankha kuti wayamba kufewa bwino. Anati mutu ukuwawawa, asawasokose. Anamuuza kuti akasewere.

Chawezi anapita kukasewera. Anajambula phada pansi, koma analibe mnzake. Anaponya mwala pa chulu. Anathamangitsa buluzi. Koma miyendo inamubwezanso ku chitseko.

Anaika khutu.

"Tsamba ili n'layani?" anaimba adada.

Palibe anavomera.

"Tsamba ili n'layani?" anaimbanso adada, motsitsa.

Palibe anavomera.

Chawezi anadabwa. A Lazaro sankaphonya kuvomera. Ngakhale m'kamwa muli chimanga chokazinga, ankavomera ndithu. Mwina atopa. Mwina akwiya. Chawezi anazungulira kanyumba. Anakazunguliranso. Anaika khutu pazenera. Anaika khutu pachitseko.

Tsopano ngakhale adada sankaimba. Mphika wokha unkamveka, ukuwira.

"Adada," anaitana.

Zii.

"Adada. A Lazaro."

Zii.

Chawezi anatambasula dzanja. Anagwira chitseko. Anachisiya. Anachigwiranso. Adada anati asatsegule. Akatsegula, mphepo ilowa. Mphepo ikalowa, fodya aphwanyika. Fodya akaphwanyika, adada akwiya kwambiri. Ndindi sadzamulola kumanga mpaka kalekale.

Anabwerera pamtondo. Anakhala. Mapazi ankavina okha. Mwina adada angogona pang'ono. Munthu wotopa amagona. Akadzuka apitiriza nyimbo.

Koma nyimbo yapita kuti? Poyamba anasowa mawu a Lazaro. Kenako anasowa a adada. Chawezi anayang'ana khoma la pakhonde. Dzulo pamenepo panasowa mtundu wabuluu. Chinthu chikasowa, pali chimene chachidya.

M'kanyumba muja muli chiyani? Muli fodya. Muli mphika. Muli mbaula. Muli makala. Ndipo zenera n'lotseka.

Chawezi anadzuka.

Anakankha chitseko ndi manja. Sichinatseguke. Anakankha ndi phewa. Msomali unagwira. Anathamangira ku mtondo. Anatenga musi wa amama. Musi unali wolemera. Anaukoka pansi mpaka pazenera. Anaukweza. Anamenya. Thabwa linalira. Anamenyanso. Anamenyanso. Zenera linatseguka, chiguduli n'kugwa.

Nthunzi yotentha inamuwomba kumaso. Anakwera pa njerwa n'kusuzumira. Adada anali atatsamira mulu wa fodya. Maso anali otseka. Ndindi inali ikadali m'manja. A Lazaro anali atagona chammbali. Makala anali psuu.

Chawezi sanalowe. Anadziwa kuti sangawanyamule yekha. Anatsika pa njerwa. Ndipo anathamanga.

Anathamanga kudutsa chigafa. Anathamanga kudutsa mizere ya fodya wodulidwa. Zitsa zinamukanda m'miyendo. Patapata mmodzi anavuka. Sanamutole. Gwape akanamuona tsiku limenelo akanachita manyazi.

Pa mjigo panali amayi ambiri. Panali a Esitere, akazi awo a Lazaro. Chawezi anafika mpweya uli m'mwamba.

"Adada ndi a Lazaro sakudzuka! Adzitsekera ndi mbaula!"

Zidebe zinagwa pansi. Amayi onse anathamanga, Chawezi patsogolo. A Esitere anatenga musi uja. Anamenya chitseko. Msomali unazuka. Chitseko chinatseguka, mphepo n'kulowa yonse.

Amayi anawakokera panja amuna aja. Anawagoneka pamthunzi. Anawamasula mabatani. Anawakupiza ndi zitenje. Wina anatulutsa mbaula n'kuithira madzi.

A Lazaro anatsokomola. Adada anagwedeza dzanja. Kenako anatsegula diso limodzi. Sanadziwe kumene ali.

Anthu anamanga ng'ombe pa ngolo. Anawakweza onse awiri, ulendo wa ku chipatala. Pamsewu panadutsa wakabaza. Anamutuma kuti akaitane amama ndi ankhazi ku msika. Wakabazayo anali a Amosi omwe aja. Akuti sanapalasepo chotero chibadwire.

Ku chipatala anawapatsa mpweya wabwino wa m'botolo. Anamwino anati afika nthawi yabwino. Anati akanachedwa pang'ono, ikanakhala nkhani ina. Anawagoneka komweko.

Ankhazi anabwerera kunyumba madzulo, kudzakhala ndi Chawezi. Anaima pakhomo pa kanyumba kaja nthawi yaitali. Anayang'ana mbaula yozima. Anayang'ana ziguduli.

"Ine kuusaka mpweya umenewu kutali konse kuja," anatero motsitsa, "iwo uli kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga."

Mawa lake lole inabwera. Inaima pamsewu. Inaliza hutala. Inanyamula mabelo a anthu ena. Kenako inapita. Chawezi anaiyang'ana mpaka fumbi litatha.

Anakasuzumira m'kanyumba. Chitseko chinali pululu. Zenera linali lothyoka. Fodya anali ataumanso gwa. Wina anali atapondedwa ndi amayi aja. Pansi panali zinyenyeswa zokhazokha.

Masana ngolo inabwera. Adada anatsika pang'onopang'ono. Amama anawagwira mkono. A Lazaro anatsika pambuyo, atagwira mutu. A Esitere ankawakalipira njira yonse. Ankati nzeru za ku esiteti azisiye ku esiteti komweko. A Lazaro anazyolika. Anangoti yewo, yewo, kuvomereza kulakwa kwawo.

Chawezi anabisala kuseri kwa nkhokwe. Anasuzumira. Anaona adada akulowa m'kanyumba. Anaona akutola zinyenyeswa za fodya. Anaona akugwira zenera lothyoka. Anakhalamo nthawi. Kenako anatuluka.

"Chawezi."

Chawezi anadzipanikiza ku nkhokwe.

"Chawezi, mapazi ako ndikuwaona pansi pa nkhokwe. Akuvina."

Anatuluka atazyolika. Anagwada patali. Anati anamva bwinobwino zimene adada ananena. Anati zenera wathyola ndi iye. Anati lole yapita chifukwa cha iye.

Adada anakhala pamtondo. Anamukodola. Chawezi anasendera. Anamukodolanso. Anasenderanso. Adada anamunyamula n'kumuika pamwendo. Anayang'ana mabala a zitsa m'miyendo mwake. Anawapukuta ndi malaya awo.

"Lole ibweranso sabata yamawa," anatero. "Ine ndikanapita, sindikanabweranso."

Chawezi analira pang'ono. Adada nawo anapukuta m'maso. Anati ndi fumbi la fodya.

Madzulo amama anakonza njira ina. Anawaza madzi pansi m'chigafa. Anati fodya amupachikenso momwemo, mame a m'bandakucha amufewetse. Anati njira imeneyi ndi yochedwa, koma siipha munthu. Onse anatuta fodya. Ankhazi nawo anatuta, atamanga chitenje cha amama. Chawezi anathamanga, anabwera. Anathamanga, anabwera.

Tambala atalira, onse anadzuka. Kunja kunali nkhungu. Udzu unali wonyowa. Adada anagwira tsamba. Silinaphwanyike. Analipinda. Linapindika ngati nsalu.

Anayala mphasa m'chigafa. M'chigafa mulibe chitseko. Mulibe zenera. Mphepo imadutsa mmene ikufunira. Amama anabweretsa tiyi ndi mbatata. A Lazaro anabwera atavala chipewa chaubweya. Mbaula anaisiya panja, pabwalo.

Adada anagunda mphasa ndi dzanja, pambali pawo.

"Khala apa."

Chawezi anakhala. Adada anamupatsa masamba. Anamuonetsa ofanana. Anamuonetsa kuika mitu pamodzi. Anamuonetsa kukulunga. Chawezi anakulunga. Inamasuka. Anakulunganso. Inamasukanso. Anatulutsa lilime, nakulunganso mwamphamvu. Inagwira.

Inali ndindi yopindika mutu. A Lazaro anati ikufanana ndi mphuno yawo. Ankhazi anaikweza m'mwamba kuti onse aione. Amama anaimba nthungululu pang'ono. Adada anaiika pamulu, pamodzi ndi zawo.

Kenako mapazi a Chawezi anayamba kuvina pamphasa. Anawagwira ndi manja. Anavinabe. Anayang'ana adada mwamantha.

Adada anamwetulira, osasiya kumanga.

"Pita ukazungulire chigafa," anatero. "Ukabwera, umange ina."

Chawezi anathamanga. Anabwera. Anamanga ina. Anathamanga. Anabwera. Anamanga ina. Dzuwa linawapeza onse ali pamphasa, akumwa tiyi, mulu wa ndindi ukukula.

Apa mpamene a Amosi anamalizira. Chubu nacho chinali chitagwira.

Tsono ine ndinene zoona, ana inu. Za mbaula sindikayika. Musadzitsekere nayo m'nyumba. Ndaona maliro ake m'maulendo angawa. Za nyali zakutali zija sindingatsutse, poti sukulu ndinalekeza panjira. Chimene ndikukayika n'chimodzi. A Amosi akuti mwana uja anakumbukira botolo la tiyi. Koma a Amosi m'mutu mwa mwanayo sanalowemo. Ine ndine munthu wosakhala pansi, ndipo anzanga ndimawadziwa. Ndikuganiza kuti ngakhale ankhazi akanapanda kubwera, Chawezi zenera lija akanalithyola ndithu.